MBEWU YOSALOWA M'THUMBA: ZIMENE MLIMI AYENERA KUDZIWA ZA KOMPYUTA PA MALONDA A KABONI

Mlimi aliyense wa ku Madisi amaudziwa ulendo wa belo la fodya. Fodya akachoka m'chigafa amasankhidwa, kudindidwa pa jeke ndi kusokeredwa m'chiguduli, ndipo belolo lisanakwere lole yopita ku Kanengo kapena ku Chinkhoma limalembedwa nambala ya mwini wake. Nambala imeneyi ikalakwika, belo labwino limasochera ndipo thukuta la chaka chonse limakadyedwa ndi munthu wina. Mtedza ndi soya nazonso zimakwera pa sikelo mwini wake ali pomwepo, maso ali pa muvi.

Koma masiku ano kwabwera mbewu ina imene silowa m'thumba, sikwera ngolo, ndipo palibe sikelo imene mungaiikepo. Mbewu imeneyi ndi kaboni amene mitengo yanu imasunga. Mitengoyo imakhalabe m'munda mwanu. Chimene chimapita kumsika ndi zolembedwa zokha: dzina lanu, malire a munda wanu, chiwerengero cha mitengo ndi kukula kwake. Zonsezi zimadutsa m'foni ndi m'kompyuta. Motero mlimi amene sadziwa zimene zalembedwa za iye ali ngati munthu amene watumiza belo ku okushoni popanda kuona nambala imene alembapo.

KODI CHOGULITSIDWACHO NCHIYANI?

Mafakitale, ndege ndi magalimoto zikamatentha mafuta ndi malasha zimatulutsa mpweya wa kaboni. Mpweya umenewu ukachuluka mlengalenga umasunga kutentha, ndipo ndi chifukwa chachikulu cha kusintha kwa nyengo kumene tonse tikukuona. Mtengo ukamakula umayamwa mpweya womwewo kudzera m'masamba, nusandutsa thunthu, nthambi ndi mizu. Pafupifupi theka la kulemera kwa mtengo wouma ndi kaboni.

Maiko anagwirizana zochepetsa mpweyawu ku Kyoto m'chaka cha 1997 ndiponso ku Paris m'chaka cha 2015. Makampani ena akunja amalipira anthu amene akudzala ndi kusamala mitengo kuti abwezere mpweya umene iwo atulutsa. Muyeso wake ndi umodzi padziko lonse: tani imodzi ya mpweya wa kaboni imene yachotsedwa mlengalenga, kapena imene yaletsedwa kutuluka, imalembedwa ngati chiphaso chimodzi. Chiphaso chimenechi ndicho chimagulitsidwa, ndipo mtengo wake umakwera ndi kutsika monga umachitira wa fodya.

KUNO KWATHU SI NKHANI YACHILENDO

Kudzala mitengo sikunayambe ndi malonda amenewa. Tsiku lodzala mitengo m'dziko muno linakhazikitsidwa m'chaka cha 1976, ndipo eni maesiteti akhala akudziwa kuyambira kale lamulo loti gawo limodzi mwa magawo khumi a malo awo likhale la mitengo. Chachilendo ndi chakuti tsopano mitengo imawerengedwa, kuyezedwa ndi kulembedwa m'kaundula kuti ibweretse ndalama isanadulidwe.

Boma la Dowa ndi limodzi mwa maboma oyamba kulowa m'ntchito yotere. M'chaka cha 2007 bungwe la Clinton Development Initiative linayambitsa ntchito ya Trees of Hope m'maboma a Dowa ndi Neno, motsatira malamulo a bungwe la Plan Vivo la ku Edinburgh m'dziko la Scotland. Alimi ankasankha kudzala nkhalango yapakhomo, mitengo ya m'malire, mitengo yothandiza nthaka monga msangu pakati pa mbewu, kapena minda ya mango ndi malalanje. Mlimi aliyense ankayamba wajambula mapu a munda wake, kusonyeza pamene pakhale mitengo ndi pamene pakhale chimanga. Chakumpoto ndi kuvuma kwa Ntchisi, midzi yozungulira nkhalango ya nyama ya Nkhotakota inalowa m'ntchito ya Kulera imene inayamba m'chaka cha 2009, yolinga kuteteza mitengo yachilengedwe kuti isathe. M'chaka cha 2023 boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyendetsera malonda a kaboni m'dziko muno. Choncho musadabwe mukaona alangizi ena akufika m'mudzi mwanu ndi mafoni, kufuna kuyenda m'malire a minda yanu.

CHIDA NDI PULOGALAMU

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Foni, kompyuta ndi batire ndi zida, zinthu zimene mungazigwire ndi manja. Pulogalamu ndi malangizo amene analembedwa m'kati mwa chidacho, ouza chidacho chochita. Ngolo payokha siyenda: imafuna ng'ombe zophunzitsidwa ndi munthu wozitsogolera. Momwemonso foni yopanda pulogalamu yoyenera singalembe munda wanu, ndipo pulogalamu yabwino singathandize kanthu ngati woigwiritsa ntchito ali wosasamala.

Pa ntchito za kumidzi mabungwe ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu monga ODK ndi KoboToolbox. Amenewa ndi fomu chabe, yonga ija mumadzaza polembetsa ulimi wa fodya, koma yoikidwa m'foni. Muli malo olemba dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, mudzi, mfumu, mtundu wa mitengo ndi chiwerengero chake, ndiponso malo oika chithunzi. Ubwino wake ngwakuti fomuyo imadzazidwa ngakhale kumalo kopanda netiweki, monga m'zigwa za kumapiri a Ntchisi. Zolembedwazo zimakhala m'foni kufikira mlangizi atafika pamalo pogwira netiweki, pa Madisi kapena pa Mponela, ndipo pamenepo amazitumiza. Kumbukirani tsono kuti foniyo ikatayika kapena kugwera m'madzi zisanatumizidwe, ntchito ya tsiku lonse yapita. Nchifukwa chake kope la kalabu silinathe ntchito.

KUYENDA M'MALIRE NDI GPS

M'mwamba kutali muli makina otchedwa masetilaiti amene amazungulira dziko usana ndi usiku, akutumiza zizindikiro. Foni ikalandira zizindikiro za masetilaiti anayi kapena kuposerapo imadziwa pamene yaima, ndipo imaonetsa malowo ndi manambala awiri aatali. Njira imeneyi ndiyo GPS. Sifuna mayunitsi, sifunanso netiweki ya foni.

Mlangizi akamayenda kuzungulira munda, foni imalemba malo amene wadutsa, kenaka pulogalamu imalumikiza malowo nkukhala chithunzi cha munda ndi kuwerengera kukula kwake. Apa pali zinthu zitatu zofunika kusamala.

Choyamba, foni imalemba pamene munthu waponda, osati pamene pali malire enieni. Mlangizi akatopa nadutsa njira yachidule, kusiya ngodya ya kudambo kapena chulu cha kumtunda, munda wanu umachepa m'kaundula. Akalowerera m'munda wa mnzanu, mwayamba mlandu wa malire umene simunaufune. Yendani naye inu mwini, ndipo muitane mnzanu wogundana naye malire ndi nthumwi ya amfumu.

Chachiwiri, GPS ya m'foni imatha kuphonya ndi mamitala angapo, makamaka pansi pa mitengo yowirira ndi m'zigwa zakuya. Pa munda waukulu kuphonyako sikuoneka, koma pa mzere wa mitengo ya m'malire kapena pa kamunda kakang'ono nkwakukulu. Mlangizi wabwino amaima pang'ono pa ngodya iliyonse kuti manambala akhazikike.

Chachitatu, makina amakonda kuwerengera m'mahekitala pamene ife tinazolowera maekala. Hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka, kuchepera pang'ono. Munda wa maekala 5 uyenera kuoneka ngati mahekitala 2. Mukamva nambala imene sikugwirizana ndi kukula kwa munda wanu monga mumaudziwira, funsani nthawi yomweyo. Safunsa anadya phula.

Mapu a minda yonse amaikidwa pamodzi m'pulogalamu ya mapu, monga yotchedwa QGIS. Mmenemo zimaoneka msanga ngati minda iwiri yasanjikizana, kapena ngati munda umodzi walembetsedwa kawiri. Munda umodzi sungagulitse kaboni yemweyo ku mabungwe awiri, monga belo limodzi silingagulitsidwe ku Kanengo ndi ku Chinkhoma komwe.

KUYEZA MTENGO

Mitengo ikadali yaing'ono, chimene amawerenga ndi kuchuluka kwa imene yapulumuka mwa imene inadzalidwa. Ikakula amayeza thunthu ndi tepi pa msinkhu wa mitala 1.3 kuchokera pansi, pamene pali ngati pachifuwa cha munthu wamkulu. Tepi ikazungulira thunthu nkuonetsa masentimita 44, ndiye kuti kunenepa kwa thunthulo kuchokera mbali ina kufika mbali ina ndi masentimita 14. Nthawi zina amayezanso kutalika. Pa nkhalango yaikulu sayeza mtengo uliwonse: amasankha timalo tingapo, nayeza mitengo ya mmenemo, ndipo zotsatira zake zimaimira nkhalango yonse.

Manambala amenewa amalowa m'tebulo la m'kompyuta, la mizere yotsika ndi yopingasa, monga la pulogalamu ya Excel. Mzere uliwonse ndi mtengo umodzi kapena mlimi mmodzi. M'tebulomo akatswiri anaikamo kale masamu osandutsa kunenepa kwa thunthu kukhala kulemera kwa mtengo. Masamuwo amasiyana malinga ndi mtundu wa mtengo, pakuti mbawa, msangu, mtangatanga ndi keshya sizilemera mofanana. Nchifukwa chake dzina la mtengo liyenera kulembedwa molondola.

Tiyerekeze mtengo umene utauma ungalemere makilogalamu 100. Kaboni wake ndi pafupifupi makilogalamu 50. Kilogalamu imodzi ya kaboni wa mumtengo imachokera ku makilogalamu 3.67 a mpweya wa mlengalenga, motero mtengowo wachotsa makilogalamu oposa 180 a mpweyawo. Kuti tani imodzi ikwane pafunika mitengo yotere isanu kapena isanu ndi umodzi. Pa chiwerengerocho amachotsapo mitengo imene inalipo kale ntchito isanayambe, amapatulanso gawo lina losagulitsidwa, losungira tsoka la moto, chiswe kapena chilala. Apa muona nokha kuti ndalama ya kaboni ndi yoonjezera chabe. Phindu lalikulu la mtengo likadali nkhuni, milimo ya chigafa, zipatso, mthunzi ndi chonde.

Kompyuta imawerengera msanga, koma sidziwa munda wanu. Imadya chimene yapatsidwa. Kalaliki akalemba 125 m'malo mwa 12.5, kamtengo ka zaka zitatu kamasanduka chimtengo cha makolo. Akalemba 40 m'malo mwa 400, mlimi wakhama amaoneka ngati waulesi ndipo malipiro ake amaimitsidwa. Kadontho kamodzi kangathe kudyetsa banja kapena kuligonetsa ndi njala.

KUMENE ZOLEMBEDWA ZIMASUNGIDWA

Zochokera m'mafoni onse zimakasonkhana m'kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene ingakhale ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko lino, ndipo imafikiridwa kudzera pa intaneti. Imeneyi ndiyo nkhokwe ya zolembedwa. M'nkhokwemo mlimi aliyense amapatsidwa nambala yakeyake, yonga nambala ya chiphaso cholimira fodya, chifukwa maina okha sakwana. Mudzi umodzi ungakhale ndi a Banda asanu ndi a Phiri khumi, ena a maina ofanana ndendende. Nambala yanu ndiyo imamanga pamodzi dzina lanu, mapu a munda, zoyezedwa za chaka ndi chaka ndi malipiro. Muiloweze pamtima, ndipo muilembe pachikuto cha kope lanu.

Bungwe losamala limasunga kope lachiwiri la zonse pamalo ena, monga mlimi wanzeru sasunga mbewu yonse m'nyumba imodzi. Limatsekanso nkhokweyo ndi mau achinsinsi kuti asalowemo aliyense ndi kusintha manambala. Dziwaninso kuti kuyambira m'chaka cha 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zolembedwa zokhudza munthu. Muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene akutengera dzina, chithunzi ndi nambala ya chiphaso chanu, ndiponso wopempha kuti cholakwika chikonzedwe.

DISO LA KUMWAMBA

Pali masetilaiti ena amene ntchito yawo ndi kujambula dziko. A ku America anayamba kutumiza otchedwa Landsat m'chaka cha 1972, ndipo maiko a ku Ulaya anatumiza Sentinel-2 woyamba m'chaka cha 2015. Sentinel-2 amajambula malo amodzimodzi pafupifupi masiku asanu alionse, ndipo zithunzi zake nzaulere. Poyerekeza chithunzi cha chaka chino ndi cha zaka zapitazo, munthu ali mu ofesi amatha kuona pamene nkhalango ya Ntchisi yadyedwa m'mphepete, pamene padutsa moto, ndi pamene mitengo yabwerera.

Koma diso limeneli lili ndi malire ake. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Sentinel-2 kamaimira malo a mamitala 10 mulitali ndi 10 mulifupi, kotero mbande imene mwadzala mu Januwale sioneka konse. M'dzinja mitambo imaphimba. Msangu nawo uli ndi khalidwe lake: umayoyola masamba nthawi ya mvula nuphuka m'chilimwe, ndipo wosaudziwa akaona chithunzi cha m'dzinja angati mulibe mtengo m'mundamo. Chotero chithunzi cha kumwamba sichilowa m'malo mwa munthu woyenda ndi tepi. Ziwirizi zimachitirana umboni.

WOFUFUZA NDI KAUNDULA WA ZIPHASO

Chiphaso chisanatuluke, pamabwera wofufuza wosakhala wa bungwe loyendetsa ntchitoyo. Amasankha maina angapo m'kaundula mosayang'ana nkhope, napita kuminda kukaona ngati zolembedwa zikufanana ndi zimene zili pansi. Akapeza chinyengo m'minda yowerengeka, chikaiko chimagwera alimi onse. Mlimi amene amanamiza chiwerengero cha mitengo ali ngati uja amabisa fodya woipa pakati pa belo: saononga dzina lake lokha koma la kalabu yonse.

Zonse zikakhala bwino, mabungwe osunga malamulo monga Plan Vivo, Verra kapena Gold Standard amavomereza, ndipo tani iliyonse imapatsidwa nambala yake m'kaundula wa pa intaneti. Wogula akaigwiritsa ntchito, nambalayo imatsekedwa ndipo singagulitsidwenso.

Chinyengo sichichokera kumudzi kokha. M'chaka cha 2024 akuluakulu ena akale a kampani ya C-Quest Capital anaimbidwa mlandu ku America woti anasintha zotsatira za kafukufuku wa mbaula zosunga nkhuni m'maiko angapo, kuphatikizapo Malawi, kuti ziphaso zichuluke, ndipo ziphaso mamiliyoni angapo zinafafanizidwa. Amayi amene ankaphikira mbaulazo sanalakwe kanthu. Manambala anasinthidwa kutali ndi iwo. Phunziro lake nlakuti midzi iyenera kusunga zolembedwa zakezake, zoti ingathe kuonetsa wofufuza aliyense.

MAU KWA OLIMA M'MAESITETI

Inu amene mumalima pa malo a esiteti, tcherani khutu. M'kaundula wa kaboni mumalowa munthu amene ali ndi umboni woti malowo ndi ake kapena kuti adzakhala nawo zaka zambiri, chifukwa mapangano a mitengo ndi a nthawi yaitali. Pa esiteti munthu ameneyo kawirikawiri ndi mwini lizi. Mungafese mbande, kukumba maenje, kuthirira ndi kulambula moto, koma ngati dzina lanu silili pa pangano, kompyuta sikudziwani.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la za ntchito ndi kuletsa kalembedwe ka utenanti, kotero wogwira ntchito pa esiteti ayenera kulandira malipiro ngati wantchito. Kusamala mitengo nayo ndi ntchito. Musanayambe, gwirizanani ndi mwini malo ndipo zilembedwe: kodi mudzalipidwa pa tsiku, pa mbande iliyonse yopulumuka, kapena mudzalandira gawo la ndalama za kaboni? Nanga mukachoka pa esitetipo gawolo lidzakutsatani bwanji? Ngati kwanu muli ndi munda wa makolo, umene amfumu angauchitire umboni, kumeneko nkumene mitengo ingalembedwe m'dzina lanu. Eni maesiteti nawo adziwe kuti mitengo imapulumuka bwino pamene woisamala akudziwa chimene adzapeze.

Kumidzi nakonso banja likambirane dzina loyenera kulembedwa. M'madera ambiri kuno munda ndi wa kuchikazi. Bambo wokhala pachikamwini akalembetsa yekha mitengo ya pamunda wa akazi ake, tsiku lina padzakhala mlandu. Pemphani kuti maina onse awiri alembedwe ngati fomuyo ilola.

MALIPIRO

Ndalama za kaboni sizibwera kamodzi. Kawirikawiri zimaperekedwa m'magawo, pa zaka zingapo, mlimi akakwanitsa zimene analonjeza, monga kudzala mitengo yonse ndi kupulumutsa yochuluka. Malamulo a Plan Vivo amati magawo osachepera 60 mwa 100 a ndalama zogulitsira ziphaso apite kwa alimi ndi midzi yawo. Mabungwe ena ali ndi malamulo ena, choncho funsani musanasaine.

Ngati malipiro adzera ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, onetsetsani kuti dzina la pa nambala ya foni, la pa chiphaso cha unzika ndi la m'kaundula nlimodzi, chilembo ndi chilembo. Kwa kompyuta, dzina lolembedwa mosiyana pang'ono ndi munthu wina. Musalembetse nambala ya foni ya mnansi, ndipo mukasintha nambala kaneneni msanga. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku ofesi. Bungwe loona silifunsa nambala imeneyo, ndipo silitumiza uthenga woti muyambe mwalipira kuti mulandire ndalama zanu.

ZOYENERA KUCHITA

1. Funsani dzina la bungwe, malamulo amene likutsata, ndi ngati likudziwika kwa mlangizi wa zaulimi wa dera lanu ndi ku ofesi ya zankhalango ya boma la Dowa kapena Ntchisi.

2. Pemphani kuti pangano liwerengedwe m'Chichewa pamaso pa kalabu. Mumvetse kutalika kwake, ndiponso ngati mudzaloledwa kusadza nthambi ndi kudula milimo ya chigafa. Tengani kope lanu la panganolo.

3. Khalanipo poyenda m'malire ndi poyeza mitengo.

4. Mlangizi asanatumize fomu, akuwerengereni zonse zimene walemba: dzina, nambala, kukula kwa munda, mitundu ya mitengo ndi chiwerengero.

5. Gulani kope, ndipo mulembemo tsiku lodzala, mbande zimene zafa ndi zobwezeretsa, tsiku limene mlangizi anabwera, zimene anapeza ndi ndalama zimene mwalandira. Mlembi wa kalabu asungenso zomwezo.

6. Moto ukadutsa kapena mbuzi zikaononga, nenani msanga. Kubisa sikuthandiza, pakuti tepi ndi chithunzi cha kumwamba zidzaulula.

7. Sankhani achinyamata awiri kapena atatu a m'kalabu, anyamata ndi atsikana, kuti aphunzire kugwiritsa ntchito fomu ya m'foni ndi GPS.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo. Konzani nazale ndi maenje nthawi ikadalipo, ndipo mudzale mitengo imene ingakuthandizeni ngakhale wogula kaboni atachedwa, pakuti akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Koma mukalowa m'malonda amenewa, samalani zolembedwa zanu monga mumasamalira nambala ya pa belo. Mlangizi akatulutsa foni m'munda mwanu, musaime patali. Senderani pafupi, ndipo muone chimene akulemba.